Adzatopa ndi kachubu ka amayi

Galu wathu dzina lake ndi Adzatopa. Si ine ndinamutcha. Ana ankafuna Bruno, koma tsiku limene tinabwera naye, kali kagalu kokwana m'katoni ya sopo, amayi anali kwathu kuno ku Machinjiri, ndipo anali atangomva kuti aneba a kuseri kwa mpanda akutinena za madzi a kubafa amene ankadutsira pakhomo pawo. Anakayang'ana kagaluko pang'ono n'kuti, "Ameneyu ndi Adzatopa." Amene munakulira kumudzi mukudziwa. Mnzako sumuyankha pamaso. Umangoitana galu wako mokweza madzulo aliwonse, uthenga umakafika wokha.

Ana amangoti Topa. Amayi okha ndi amene ankalitchula lonse, ndipo ankalitchula ataimirira chakumpanda.

Mawondo ndi chiperoni

Mu June chaka chatha amayi anabweranso kuchokera ku Ntcheu mawondo atawavuta. Kuzizira kwa Blantyre sikugwirizana ndi mafupa a munthu wamkulu, ndipo chiperoni chikagwa masiku atatu otsatizana ankadzuka pampasa mogwira khoma. Mapiritsi a ululu ankawawotcha m'mimba, choncho ku famase anatipatsa mankhwala opaka, kachubu ka diclofenac. Amayi sankawatcha mankhwala. Ankati "mafuta anga aja."

Madzulo aliwonse, tikatha kudya, ankakhala pakhonde atatambasula miyendo, n'kukweza chitenje mpaka pamwamba pa mawondo, n'kuyamba kutikita. Topa ankabwera n'kugona pafupi. Poyamba ankamuthamangitsa, paja kwa iwo galu ndi wa panja, alonde nyumba ndipo adye mkute, basi. Koma munthu wamkulu akakhala m'tauni amasungulumwa. Ife tonse timachoka m'mawa, ana kusukulu, ine ndi mkazi wanga kuntchito. Wotsala nawo pakhomo anali galuyo. Patapita milungu iwiri ndinawapeza akumulankhula ngati munthu, iye akunyambita bondo lawo lakumanzere mwakhama.

Ndinaseka. Ndinajambula ngakhale pafoni n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la kubanja, alongo anga n'kuyankha kuti agogo apeza namwino. Amayi anati, "Musekeni, koma malovu a galu amapoletsa. Bambo ako akavulala kumunda ankamusiya galu anyambite chilonda." Kanema ameneyo ndikadali naye. Sindimuonera kawirikawiri.

Loweruka lija

Ndinadzuka mochedwa. Mkazi wanga ndi amene anazindikira kuti mkute wa dzulo lake uli m'mbale momwemo, nyerere zitauzinga. Topa si galu wosiya nsima. Tinamupeza kuseri kwa khitchini atagona chafufumimba, mutu uli pansi, mchira wokha ukuyesa kugwedera. Pafupi pake panali masanzi pawiri, ena a thovu lachikasu, ena oderako ngati matsalira a khofi m'kapu. Cha kumpanda kunali chimbudzi chake, chakuda bii, chonata ngati phula la pamsewu, chonunkha fungo limene sindinalimvepo.

Mawu oyamba anatuluka pakamwa pa mkazi wanga. "Tameki."

Palibe anatsutsa. Aliyense wokhala m'matauni muno amadziwa kuti galu wolusa akadwala mwadzidzidzi, ndiye kuti wina waponya nyama yothira tameki, kaya ndi akuba akukonza njira, kaya ndi munthu amene watopa ndi kuuwa. Amayi anatuluka akutsimphina, anayang'ana galuyo, kenako anatembenukira kumpanda kuja. Sanatchule dzina la munthu. Anangoti, "Ndinanena ine." Ndipo ine, munthu wophunzira, woyimba kwaya, ndinayenda m'mbali mwa mpanda wonse ndikufunafuna fupa kapena kanyama koti ndikawaonetse anebawo pamaso. Mumtima mlandu ndinali nditaweruza kale.

M'menemo uphungu unali utayamba kugwa ngati mvula. Mnyamata wotchetcha kapinga anati timumwetse mkaka. Tinatsegula paketi ya mkaka wa tiyi wa ana, ndinamukanula kukamwa, wambiri unatayikira pa malaya anga. Mayi wina wodutsa ndi dengu la masamba anati madzi a mchere wambiri, asanze zonse. Amayi anati tisinje makala a pambaula. Mchere unali utasungunulidwa kale m'kapu pamene mwana wathu wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anabwera kuchokera pansi pa mtengo wa mapeyala atanyamula kanthu ndi zala ziwiri.

"Agogo, si mafuta anu aja munkafuna awa?"

Kachubu kaja. Kophwanyika, kobowokabowoka ndi mano kuyambira kumutu mpaka kumchira, kachivindikiro katatafunidwa, m'kati mulibe kanthu.

Amayi anali atakafunafuna kuyambira Lachinayi madzulo. Anakasiya pa zenera la pakhonde, pamalo pake pa masiku onse, mphepo kapena mphaka n'kukagwetsa. Anakalipira ana kuti akaseweretsa, ana n'kukana, nkhani n'kutha. Tinangoti tikagula kena Loweruka. Kanali katangotsegulidwa Lachiwiri.

Tonse tinangoti zii. Kenako amayi anati, "Aaa, koma amenewo ndi mafuta chabe. Angaphe galu mafuta?"

Funso limenelo ndi limene landichititsa kulemba zonsezi, chifukwa nanenso pa nthawi imeneyo ndinali kumbali yawo. M'nyumba mwathu mapiritsi amakhala m'chitini pamwamba pa kabati, kumene mwana sangafike ngakhale atakwera mpando. Mankhwala a makoswe ndimabisa m'denga. Koma chilichonse chopaka chimangokhala paliponse, pazenera, pa tebulo la kuchipinda, m'chikwama, limodzi ndi Vaseline ndi mafuta a tsitsi. Chimene sitimeza sitichiyesa mankhwala. Chilankhulo chathu chomwe chimatinamiza: ophikira ndi mafuta, odzola ndi mafuta, a galimoto ndi mafuta, ndiye a mawondo angasiyane bwanji?

Akabaza anakana

Ndinaimbira mnzanga wina woweta nkhumba amene amadziwana ndi a vetenale. Anandipatsa nambala. Dokotalayo anandifunsa mafunso atatu okha: dzina lolembedwa pa kachubuko, kukula kwa galu, ndi mtundu wa nkhama zake. Ndinakweza mlomo wa Topa. Nkhama zimene zimakhala zofiirira zinali zotuwa mbuu. Anati, "Bambo, mchere umenewo tayani. Bwerani naye pompano, ndipo kachubuko musakasiye."

Kubwera naye pa chiyani? Ife galimoto tilibe. Wakabaza woyamba anangoona galu m'manja mwanga n'kupukusa mutu, njinga osaimitsa n'komwe. Wachiwiri anaima, koma atamva fungo anati mpando wake ndi ofesi yake. Za minibasi sindinayese n'kuganiza komwe. Ndinaima pageti, galu wa makilogalamu 14 ali m'manja atakulungidwa m'chitenje chakale, ndili kakasi.

Geti la kuseri linatseguka. Aneba aja, bambo a m'nyumba imene ndinali nditangoizenga mlandu, ankatulutsa Sienta yawo kupita kukagula zinthu ku Limbe. Anatsitsa galasi. "Achimwene, kwagwanji?" Ndinafotokoza mwachidule, za tameki osatchulako. Anatsika, anayala masaka kumbuyo, n'kuti, "Kwerani. Ku Limbe sikuthawa."

Njira yonse ankandifotokozera za galu wawo wa kumudzi ku Mulanje amene anafa atalumidwa ndi njoka iwo ali mwana. Pakati pa nkhani anafunsa, "Paja dzina lake ndani?" Ndinati Topa. Anangomwetulira osachotsa maso pamsewu. Zaka zinayi akumva dzina lonse likufuulidwa pampanda pawo, sakanalephera kulidziwa.

Masamu a dokotala

Dokotala wa ziweto anali mayi wachitsikana, wosachedwa ndi malonje. Anatenga kachubu kaja, anakawongola ndi chala, n'kundiwerengera zolembedwa. Magalamu 30. Galamu iliyonse ili ndi mamiligalamu 10 a diclofenac. Kachubu kodzaza ndiye kuti 300. Piritsi limodzi la diclofenac limene munthu wamkulu amamwa ndi la 50. "Mayi anu anapakako masiku awiri okha. Ndiye galu wanuyu wameza ngati mapiritsi asanu nthawi imodzi, thupi lake lili laling'ono kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi lanu."

Ndinafunsa funso la amayi lija, mwina mwaulemu pang'ono. Nanga bwanji iwo amapaka tsiku lililonse osadwala? Anati khungu ndi mpanda. Munthu akapaka pabondo, ambiri amagwira ntchito pomwepo, ndipo olowa m'magazi ndi ochepa kwambiri, pafupifupi magawo 6 pa 100 poyerekeza ndi akamwa piritsi. N'chifukwa chake ku famase anawapatsa opaka m'malo mwa omwa. Koma lilime silidziwa kuti pa kachubu palembedwa zopaka. Zikadutsa pakhosi, zasanduka mankhwala akumwa, ndipo thupi la galu silichotsa mankhwala a mtundu umenewu mmene limachitira la munthu.

Anandijambulira papepala. Mankhwala a m'banja la diclofenac, monga bulufeni ndi asipirini, amathetsa ululu potseka kapangidwe ka timadzi tina ta m'thupi totchedwa prostaglandin. Timadzi timeneti ndi timene timachititsa kutupa ndi kupweteka, inde, koma ndi tomwenso timasunga mamina oteteza khoma la chifu kuti asidi asalidye, ndiponso timathandiza kuti magazi azifika bwino ku impso. Ukatitseka kwambiri, chifu chimayamba kudzidya chokha mpaka kuchita zilonda, ndipo impso zimauma. Chimbudzi chakuda chija chinali magazi ochokera m'zilonda, atagayidwa ngati chakudya.

Ndinamuuza, mwamanyazi, kuti ife timaganiza kuti ndi tameki. Anati tameki sadikira Loweruka. Galu amayamba kutuluka dovu, kunjenjemera thupi lonse, kutsegula m'mimba, timaso tating'ono ngati nsonga ya singano, zonse m'kanthawi kochepa. "Akanakhala ameneyo, bwenzi mukukumba dzenje dzulo." Aneba anali atakhala pa benchi panja, chitseko chili chotsegula. Ndikhulupirira anamva.

Za mkaka anangoti sunathandize ndipo sunapweteke kwenikweni, kungoti kuthira zamadzi m'kamwa mwa galu wofooka n'kuika moyo wake pachiswe chifukwa zimatha kulowa m'mapapo. Pa mchere ndi pamene anakweza mawu. Mchere wambiri pawokha ndi poizoni kwa galu, umatupitsa ubongo ndipo umapha, makamaka impso zikakhala kuti zavulala kale. Makala a pambaula nawonso si amene iwo amagwiritsa ntchito. Awo ndi okonzedwa mwapadera kuti azikoka mankhwala m'matumbo. Ndipo kusanzitsa kumathandiza m'maola awiri oyambirira, ndi jakisoni wa dokotala. Ife tinali titachedwa ndi tsiku limodzi ndi theka.

Kenako anafunsa, "Kodi asanatafune kachubuka, ankawanyambita mayi anuwo?"

Ndinakumbukira kanema uja. Ndinamuonetsa. Anaonera mpaka kumapeto, osaseka, n'kuti n'kutheka kuti chifu chinayamba kunyeka kalekale pang'onopang'ono, ndipo galuyo anali atazolowera fungo lake ngati la chinthu chabwino chochokera kwa munthu amene amamukonda. Kachubu katagwa pansi sanakaone ngati chachilendo.

Topa anagona kumeneko masiku atatu ali pa diripi, akulandira mankhwala ochepetsa asidi m'chifu ndi ena omata zilonda, magazi akuyezedwa kuti aone ngati impso zikugwira. Ndalama imene inapita sindiitchula, mungandiseke. Ingodziwani kuti eni nyumba anamva nkhani ya lendi pa 12 m'malo mwa pa 1, ndipo abale ena pa gulu la WhatsApp lija sanabise maganizo awo pa munthu wolipirira galu diripi.

Miimba ya ku India, ndi dazi langa

Usiku umene Topa anali ku chipatala tulo sitinabwere, ndiye ndinayamba kuwerenga pafoni. Chinandidabwitsa koyamba n'chakuti diclofenac yemweyu anatsala pang'ono kumaliza miimba ya ku India. M'zaka za m'ma 1990 alimi kumeneko ankabaya nayo ng'ombe zodwala. Ng'ombe ikafa, miimba n'kudya nyama yake, impso za mbalamezo zinkafa m'masiku ochepa. Mitundu ina inachepa ndi magawo oposa 95 pa 100. Chifukwa chake chinadziwika mu 2004, ndipo mu 2006 boma la India linaletsa kugwiritsa ntchito mankhwalawa pa ziweto. Mbalame zodya zovunda popanda kudwala, n'kuthedwa ndi zimene amayi ankazitcha mafuta.

M'mawa mwake ndinatenga beseni n'kuyenda chipinda ndi chipinda, kutolera chilichonse chopaka. Linadzaza theka. Munali mankhwala otentha aja a osewera mpira, amene fungo lake limadzaza nyumba yonse. M'kati mwake muli methyl salicylate, m'bale wake wa asipirini, wowononga chifu mofananamo. Munali kabotolo ka Vicks, kamene kali ndi camphor, woti galu akameza wambiri amatha kugwa ngati wakhunyu. Munali mafuta oyera a zinc otsala pa nthawi ya matewera a mwana wathu wamng'ono, osanzitsa. Munali a zipere. Munali kirimu wina wa mkazi wanga wa mawanga a kumaso amene anagula kwa mayi woyenda ndi chikwama kuofesi, wopanda pepala lililonse lonena zimene zili m'kati mwake, ndipo ambiri a mtundu umenewo amakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa masteroidi.

Choopsa kwambiri m'beseni monsemo chinali changa. Dazi linayamba kundibwerera ndisanakwane zaka 35, ndipo ndinaitanitsa kabotolo ka minoxidil, kamene anyamata ambiri masiku ano akupaka kuti amere ndevu. Sindinkadziwa kuti mankhwala amenewa anayamba ngati a kuthamanga kwa magazi, kumera tsitsi kunangopezeka m'njira. Nyama ikawameza, magazi amatsika, mtima umathamanga, madzi amadzaza m'mapapo. Mphaka ndiye safuna ambiri, kunyambita mutu wa mwini wake kapena pilo wake n'kokwanira kumudwalitsa koopsa. Kabotolo kanga kankakhala pansi, pambali pa bedi, pafupi ndi nsapato.

Alipo ena awiri amene ife tilibe koma ndiwatchule, chifukwa kwa galu amenewa sapereka masiku atatu a diripi. Oyamba ndi calcipotriol, opaka pa nthenda ya khungu ya psoriasis, amene amakweza kashiamu m'magazi mpaka impso kuwonongeka. Achiwiri ndi fluorouracil, kirimu wa zilonda zoyambitsidwa ndi dzuwa zimene zimatha kusanduka khansa ya pakhungu. Mu January 2017 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu litalandira malipoti a agalu asanu amene anafa ndi kirimu ameneyu. Mmodzi anangobowola kachubu ndi dzino akusewera, mwini wake n'kumulanda. Pasanathe maola awiri anayamba kusanza ndi kugwa ngati wakhunyu, ndipo patatha maola 12 anafa. Nditawerenga ndinaganiza za abale athu achialubino, amene zilonda za dzuwa zotere zimawavuta kwambiri. Ngati kwanu wina anapatsidwa kirimu wa dzina limeneli, ngakhale thonje lopukutira lisatayidwe kudzala kumene galu amafukula.

Agalu athu ambiri amaonana ndi dokotala kamodzi pachaka, a katemera wa chiwewe akafika pa sukulu ya pulaimale, ana atawakoka pa zingwe za mlaza. Kupatula apo, galu akadwala timati walodzedwa kapena wapatsidwa, akafa timakwirira. Ndimadzifunsa kuti mwa agalu onse amene ndinamva kuti "anamuthirira tameki," ndi angati amene anangotola kachubu kudzala, ndipo ndi maubale angati a pakati pa nyumba ndi nyumba amene anathera pamenepo.

Amayi

Amene zinawapweteka kwambiri si ine. Masiku atatu aja amayi sanakhale pakhonde. Ankadya pang'ono n'kukagona. Tinagula kachubu kena koma sanakatsegule, mawondo akupweteka choncho. Mkazi wanga anawapeza Lolemba m'mawa atakhala pa bedi kachubu katsopanoko kali m'manja.

"Apongozi, tapakani. Mukuvutika."

"Ndimuphe kachiwiri?"

Anawafotokozera zonse zimene dokotala ananena, kuti mankhwalawo alibe mlandu pa bondo, kuti akapaka azisamba m'manja ndi sopo, aziphimba mawondo, galu asayandikire mpaka ataumiratu, kachubu kazikhala m'chitini cha mapiritsi. Amayi anamvetsera n'kuti, "Ine ndinkati akundichiza." Mkazi wanga akuti sanapeze choyankha, anangotenga kachubuko n'kuyamba kuwatikita yekha.

Za aneba sanazitchule. Koma Lachiwiri, tsiku limene Topa anabwera, ndinawaona akuthira mbatata ya kachewere imene anabwera nayo kuchokera ku Ntcheu m'kabeseni, yosankha yaikuluikulu, n'kutuma mwana kuti akasiye kuseri. Mwana anafunsa kuti akanene chiyani. Anati, "Ukangoti agogo akuti zikomo. Usakawonjezere zako."

Topa anabwera atawonda, nthiti zikuwerengeka, mwendo wakutsogolo utametedwa pamene panali singano. Kwa milungu iwiri ankadya phala la mpunga ndi nkhuku yowiritsa yopanda mafuta, zimene zinawakwiyitsa ana chifukwa iwo ankadya nyemba. Impso zinapulumuka, ngakhale dokotala anati tizimuyang'anitsitsa akayamba kumwa madzi mopitirira kapena kukodza pafupipafupi, ndipo tisadzayerekeze kumupatsa panado kapena bulufeni ngakhale atatsimphina bwanji.

Amayi anakhala nafe mpaka August. Anayambanso kukhala pakhonde, koma ankapakira kuchipinda chitseko chili chotseka, n'kutuluka atavala masokosi anga aatali a mpira mpaka pamwamba pa mawondo, chitenje pamwamba pake. Topa ankabwera n'kununkhiza masokosiwo, n'kuwayang'ana kumaso. Iwo ankamukankha mutu pang'ono ndi chigongono, n'kumukanda kuseri kwa khutu ndi dzanja losamba.

Madzulo a tsiku lomaliza asanakwere basi ya ku Ntcheu, anatuluka ndi mbale ya mkute. Galu anali kwinakwake kuseri. Anaima pamalo pawo pa kale, chakumpanda, anakoka mpweya kuti aitane. Kutsidya kwa mpanda mayi a kunyumba ija ankaanula zovala, ndipo anati, "Mwaswera bwanji agogo, mawondo ali bwanji?" Amayi anayankha kuti aliko bwino. Anaima pang'ono mbale ili m'manja. Kenako anaigogoda ndi supuni, n'kuitana chapansipansi.

"Iwe galu iwe, tabwera udye."